Koleji ya Kumchira kwa Mndandanda

M'chaka cha 2006 nyuzipepala ina inayamba kusanja makoleji a pulayiveti a mu Lilongwe, abwino pamwamba, achabechabe pansi, ndipo makolo ankangomeza zonse osatafuna. Mayi Kettie Chimbalanga, mwini kakoleji ka zipinda ziwiri kophunzitsa kutayipa ku Biwi, anadikira osanjawo mtima uli m'malo. Ophunzira ake ankakhoza. Komanso chaka chimenecho anali ndi Salama, mwana wa telala wa ku Kawale, mtsikana wa zala zothamanga zedi. Ophunzira ankachepa chaka ndi chaka, ndipo Kettie ankadalira kuti Salama akapambana mpikisano wa makoleji wa mu Novembala, kolejiyo imveka dzina, sitsekedwa.

Osanjawo anabwera awiri, fomu ili m'manja. Anawerenga makompyuta, anapeza anayi. Anafunsa za basi, laibulale ndi jenereta. Anakasuzumira mpaka kuchimbudzi.

"Nanga makatoniwa?" anafunsa wamkuluyo.

"Tajambulapo mabatani a kompyuta, bambo. Aliyense amatenga lake kukayeserera kunyumba. Ndikuonetseni zotsatira za mayeso?"

"Pafomupa palibe malo ake, mayi."

Mndandanda utatuluka, koleji ya Kettie inali yotsiriza pa makoleji khumi ndi asanu. Pamwamba panali ina ya mpanda wa njerwa, ya eni ake a matumba olemera, yokhala ndi makompyuta makumi asanu. Theka lake anafa kalekale, koma ankapukutidwa bwino. Osanja sayatsa kompyuta, amangoiloza ndi cholembera.

Sabata isanathe anatulukira bambo Kassimu, bambo wake wa Salama, ulusi udakali pamalaya.

"Aphunzitsi, musandione ngati wosayamika. A koleji yapamwamba ija anabwera kushopu dzulo. Akuti amva za Salama. Akaphunzira ulere, yunifomu ndi basi zomwe."

"Kwatsala miyezi iwiri kuti amalize, bambo. Akamuphunzitsanso chiyani kumeneko?"

"Pepala lake likhala ndi dzina lawo. Mabwana polemba ntchito amaona dzina."

Kettie anafuna kukalipa, koma akanakalipira ndani? Akanakhala mwana wake akanachita chimodzimodzi, ndipo zimenezi ndi zomwe zinamuwawa kwambiri.

Mu Novembala Salama anapambana mpikisano uja. Chithunzi chake chinadzaza theka la tsamba la nyuzipepala ija, atavala jekete ya koleji yatsopanoyo, mwini kolejiyo atamugwira paphewa, mano onse pamtunda. Pansi pake analemba kuti, "Zipatso za maphunziro athu apamwamba." Kettie anaiwerenga chiimire kwa venda wa kudepoti, mpaka vendayo anamufunsa ngati akugula. Sanagule.

Mu Januwale makolo anakapanga mzere pageti la koleji ija. Ku Biwi analembetsa ophunzira asanu okha. Kettie anawalembera makalata owatumiza kwina, napereka makiyi kwa mwini nyumba, yemwe anali atapeza kale munthu wofuna kuonetseramo mavidiyo.