Patsinde pa Mkuyu wa a Yakobo

Enesi atazindikira kuti chifuwa chake sichipolanso, anatenga mwana wake Roselyn n'kukwera kombi kuchokera ku Chinengundu kupita ku Selous. Ankafuna kumuonetsa manda a mwamuna wake, a Yakobo, bambo a mwanayo, kuti tsiku lake likadzakwana adzamuike pambali pawo.

Chiwathamangitsireni pafamu ya kumeneko imene ankagwirapo ntchito, nthawi yolanda minda ija, Enesi anali asanapondekonso. Anthu a kukomboni sankamanga ziliza. Simenti akanaiona kuti? Manda ankawadziwa ndi mitengo. A Yakobo anagona patsinde pa mkuyu, m'nkhalango imene munthu sankatolamo ngakhale kakhuni. Ukafika m'mphepete mwake unkavula nsapato, mawu n'kutsika okha, thupi lonse n'kuchita tsembwe. Ana sankaloledwa kulowamo.

M'kombimo Roselyn, ndi sukulu yake ija, anati Chingerezi chili ndi liwu la zimenezo, lakuti awe, mantha aulemu amene sakuthawitsa koma kukugwaditsa.

"Kaya," anatero Enesi. "Ife tinkangovula nsapato."

Atafika anapeza chimanga chokhachokha. Mitengo inatha kalekale, ina kuumitsira fodya, ina kukaphikira m'tauni magetsi atasowa. Ngakhale chitsa panalibe.

Mwini munda watsopano, amene anamupeza pomwepo, sanali munthu woipa, ndipo n'zimene zinamupweteka Enesi. Akanakhala wachipongwe, bwenzi atamulalatira mtima n'kukhalako pansi. Koma bamboyo atamva nkhani yawo anavula chipewa.

"Gogo, sindinkadziwa," anatero. "Lozani pamene pali mandapo, sindidzalimaponso."

Enesi anavula nsapato n'kulowa m'mizere. Analowera uku, nabwerera uku, kudikira kuti thupi limuuze. Thupi silinanene kanthu. Dothi linali lotentha ngati la munda wina uliwonse, masamba a chimanga akumukanda m'mikono. Anachita mantha, koma mantha wamba, a nkhalamba yosochera.

"Mhamha, ndi pati?" Roselyn anafunsa mayi ake, misozi ili lengelenge.

Enesi anayang'ana mwana wakeyo, nayang'ana bambo wa chipewa m'manja uja. Kenako anatambasula dzanja n'kuloza pakati pa mapesi, pamene diso linangogwera.

"Apa."

Roselyn anagwada pomwepo n'kuyamba kunong'oneza bambo ake kuti wabwera. Mwini munda anathamanga kukatenga miyala yoti aikepo chizindikiro. Enesi anangoti chilili, akuyang'ana malo amene adzagone yekha.