Gilberto Akwera Nsanja ya ku Lione

Deolinda atakwezedwa kukhala shefe, ndiye kuti bwana, wa amisiri okonza nsanja za mafoni ku Lichinga, anzake anamuyamikira. Iye maso ake anali pa munthu mmodzi yekha: Gilberto, shefe wakale, amene tsopano anali pansi pake.

Renato, mlongo wake wa Deolinda, ankagwira ntchito yomweyo. Tsiku lina Gilberto akadali shefe anamulamula kukwera nsanja mvula ikugwa, Renato anaterereka n'kuthyoka msana. Kwa akuluakulu a kampani, Gilberto anakanena kuti Renato anakwera osatumidwa. Kuyambira pamenepo Renato ankangokhala pakhonde ku Namacula, miyendo itafunditsidwa bulangete.

M'nyengo yozizira, mafoni a ku Lione anayamba kudukaduka. Deolinda atayang'ana pa kompyuta anaona kuti vuto linali konivesoro, kachipangizo kakang'ono ngati chikhadabo kamene kamasandutsa manambala a makina kukhala mafunde amene antena imaulutsa. Kamathamanga kwambiri, ndipo kakayamba kuphonya, mafunde amatuluka opotoka. Kusintha kwake n'kuchotsa bokosi lonse la wailesi pamwamba pa nsanja.

Anaika mabokosi awiri m'galimoto, lina latsopano, lina lakufa limene anachotsa pa nsanja ya ku Assumane.

"A Gilberto, tiyeni ku Lione."

"Shefe, anyamata alipo. Ine kukwera ndinasiya kalekale, mawondowa..."

"Anyamata ali ndi zochita. Tengani lamba wokwerera nsanja."

Ku Lione mphepo inkachita kulira m'zitsulo za nsanja. Deolinda anayang'ana yekha lamba ndi zingwe zonse, n'kumumanga bwino Gilberto. Sankafuna kuti munthuyo agwe. Ankafuna kuti akhale wamoyo ndi kumva chilichonse.

Gilberto anakwera pang'onopang'ono, akupumira m'mwamba. Atafika anakoka bokosi ndi chingwe, n'kulimanga ndi zala zouma ndi chisanu. Atatsika milomo inali itatuwa.

Deolinda anayang'ana kompyuta. "Konivesoro ikuphonyabe. Ayi, ndakupatsani bokosi lolakwika. Labwino ndi ili."

Gilberto anamuyang'ana kumaso, ndipo anazindikira kuti wachitira dala.

"Dona Deolinda, tibwere mawa. Ndapota nanu."

"Anthu akufuna kuimba mafoni lero. Si mmene munkanenera inu?"

Ulendo wachiwiri anamanga bokosi labwino, koma potsika miyendo inakana. Anakumbatira chitsulo chapakati pa nsanja, nayamba kulira mokweza ngati mwana, akuitana amayi ake. Amayi ogulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu anasiya malonda n'kudzaunjikana, ena akumulimbikitsa m'Chiyao, ena akuseka chobisa. Foni ya mmodzi wa iwo inalira. Mafunde anali atabwerera.

"Mana, mchemwali wanga, pitani mukamutsitse," anatero mayi wina.

"Atsika," anayankha Deolinda.

Anakhala pakhomo la galimoto, n'kugula chimanga chootcha, n'kumadya njere imodziimodzi. Atataya chisononkho ndi pamene anavala lamba wake, nakwera, namutsitsa phazi ndi phazi. Buluku la Gilberto linali litanyowa.

Madzulo Deolinda anamufotokozera Renato zonse, osasiya ngakhale za buluku. Ankayembekezera kuti aseka. Renato anangosisita bondo.

"Achemwali, ali m'mwambamo anatchula dzina langa?"

"Ayi."

"Anapepesa?"

"Anangolira."

"Ndiye ankadzilirira yekha," anatero Renato, natembenuzira nkhope kumsewu.

M'mawa Gilberto anabwera kuntchito atavala jekete lalikulu, maso ali pansi. Anzake anali atamva kale, ndipo palibe anamupatsa moni. Deolinda anatsegula kompyuta n'kuyamba kuyang'ana nsanja zonse za m'chigawo chake, imodzi ndi imodzi, kufunafuna konivesoro ina imene yayamba kuphonya. Anaipeza pa nsanja yayitali kuposa zonse, ya m'njira yopita ku Sanga.

"A Gilberto," anaitana osadzutsa mutu, "musavule nsapato. Tengani lamba uja."