Kamwana Kokana Botolo

Pa famupo ankamutchula Namabotolo, poti ndiye ankamwetsa tiana ta nkhosa tamasiye. Sabata imeneyo anali nato titatu. Tiwiri tinkakoka mkaka ngati timeze ndi botolo lomwe. Kachitatu, ka khutu limodzi lakuda, kankangoluma kansonga ka labala n'kulavula.

Kapitawo, yemwe anali malume ake, anaima pakhomo la khola atapinda manja.

"Mphwanga, mkaka ukungothera pansi apa. Kakapanda kuyamwa pofika masana, ndibwera ndi mpeni."

"Mpeni? Kalakwanji, amalume? Inuyo munabadwa mukulidziwa botolo?"

"Pakamwa pakopa! Masana, ndanena."

Namabotolo anatsala mtima ukuwira. Anadonthetsa mkaka padzanja: wofunda bwinobwino. Anakulitsa bowo ndi singano. Kamwanako kanangomuyang'ana, mimba itaphwa.

Nanga mayi weniweni amachita chiyani chomwe iye sankachita? Anasiya botolo n'kukanjuta pampanda, pomwe nkhosa ina inkayamwitsa. Maso anayambira kubere, koma kunalibe chachilendo. Kenaka anaona kuti nkhosayo yakhotetsa khosi, mphuno ili pamchira wa mwana, kununkhiza, kukankha. Ikakankha, kamchira kankagwedera, mwana n'kukoka mwamphamvu. Ikasiya, nayenso ankafooka. Anasuntha kukaona ina. Chimodzimodzi!

"Ha! Masiku awiri ndikulimbana ndi kukamwa!"

Anathamangira m'khola, n'kuimika kamwana kaja pafupi ndi bondo lake, botolo kudzanja lamanja, lamanzere likukanda pamwamba pa mchira. Kamwanako kanaima duu. Kamchira kanagwedezeka kamodzi, kawiri. Kenaka timathovu tinayamba kukwera m'botolo.

Malume aja atafika, mpeni uli m'thumba, anapeza botolo latsala theka.

"Iwe, wakachita chiyani?"

"Zaka zonsezi muli ndi nkhosa, simunayang'anepo kumchira? Mukanakapha kosalakwa. Gwadani apa ndikuphunzitseni."

Anayang'ana uku ndi uku kuti antchito ena asawaone, n'kugwada.

"Ndikande pati?"

"Apa. Osati ngati mukukanda mphere zanu, amalume! Pang'onopang'ono."

Kamchira kanayambanso kugwedera. Malume anapendeketsa mutu, kuyang'anitsitsa.

"Koma mbuzi nazonso zimatero?"

"Kaya. Kaoneni, muli ndi maso."

Botolo litatha, malume anatulutsa mpeni uja n'kudula chingwe cha thumba latsopano la mkaka waufa.