Mchere wa Aling Choleng

Chaka chilichonse pa chikondwerero cha woyera mtima San Roque, a Doroteo Balmaceda, mphunzitsi wopuma pantchito, ndiwo ankatsogolera olawa zakudya za mpikisano. Anthu m'tauniyo ankati lilime lawo silinama. Koma chidwalireni chimfine choopsa mu Febuluwale, chilichonse chinkangomveka ngati pepala lonyowa m'kamwa mwawo. Ankadziwa zimenezi ndi akazi awo okha, a Leticia.

"Kawauzeni a komiti," anatero a Leticia m'mawa wa tsikulo, akusita malaya oyera.

"Ndikawauze kuti chiyani? Kuti ndakalamba?"

"Kuti simukumva kukoma. Ukalambawo akuuona kale."

Sanakawauze. Anadutsa mumsewu wa kutchalitchi, pansi pa timbendera tapepala, utsi wa matumbo a nkhuku owotcha pa timitengo uli tolo. Amayi ogulitsa ankawaitana uku ndi uku kuti alawe. Iwo ankaluma, kutafuna pang'onopang'ono, n'kugwedeza mutu ngati munthu wodziwa.

Mpikisano unali wa suman, mpunga wonata wophikidwa mu mkaka wa kokonati n'kukulungidwa m'masamba a nthochi. Panali mbale zisanu ndi ziwiri patebulo lalitali. Olawa anzawo awiri, dokotala wa mano ndi mlongo wake wa wansembe, ankangoyang'ana nkhope ya aphunzitsi asanalembe kanthu. A Doroteo analawa mbale zonse, osamva kanthu. Potsiriza analoza mbale yooneka bwino kuposa zonse, yomangidwa ndi timaliboni tofiira, ya mtsikana amene anali atangotsegula bekale pafupi ndi msika. Anzawo aja anavomera.

Aling Choleng, mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri amene anapambana zaka zinayi zotsatizana, anakhala achitatu. Anthu atabalalika, anabwera akupukuta manja pa epuloni.

"Aphunzitsi, sindikudandaula ayi. Ndingofuna kudziwa, ndalakwitsa pati?"

A Doroteo anayang'ana pepala lawo. "Mchere unachulukirako pang'ono."

Mayiwo sanatsutse. "Ndimaganiza choncho. Manjawa akunjenjemera masiku ano, maso nawonso akuchita nkhungu. Mwana wanga Remedios wakhala akundiuza kuti ndisiye. Zikomo pondiuza zoona, ena akanangondinamiza."

Ananyamula dengu lawo n'kumapita.

A Doroteo anakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mango, gulu loimba malipenga likudutsa. Munthu wina anawapatsa kambale ka nyama ya nkhumba yowotcha, koma anangokagwira mpaka mafuta anauma. A Leticia anawapeza pomwepo, akusenda tsamba la nthochi.

"Ndagula kwa Aling Choleng. Akugawa otsala pafupifupi ulere, ati ndi omaliza." Analuma, n'kutafuna. "Ndi yemwe uja wa masiku onse. Mwawauza chiyani inu?"

"Mchere."

A Leticia anasiya kutafuna. Anangowalanda amuna awo kambale kaja.

A Doroteo anakawapeza Aling Choleng kuseri kwa tchalitchi, akupinda nsalu ya patebulo.

"Aling Choleng, ndakunamizani. Ine sindimva kukoma kwa chakudya chilichonse. Miyezi isanu ndi umodzi tsopano. Za mchere zija ndangopeka."

Mayiwo anasiya kupinda nsalu ija.

"Ndiye mbale zonse zija munangomeza?"

"Eya."

"Munandiphunzitsira ana atatu inu. Mukanangonena kuti simukudziwa, ndani akanakusekani?"

"Ndinachita manyazi."

"Manyazi anuwo mwandisenzetsa ine." Anaika nsalu m'dengu. "Ndalira m'chimbudzi cha tchalitchi muja, nkhalamba yonse ine."

A Doroteo anavula chipewa. "Ndikukawauza a komiti pompano. Abwereze."

"Mtsikanayo musiyeni. Wajambulitsa kale ndi mphoto yake, amayi ake akulira ndi chimwemwe. Iye walakwa chiyani? Komitiyo mukaiuze mawa, isankhe munthu wina chaka chamawa." Anamanga dengu ndi chingwe. "Koma Remedios mukamuuze nokha, ndi pakamwa panu. Ndamuuza kale kuti mphika wanga waukulu aupereke kwa apongozi ake, ndipo ameneyo sachedwa pa zinthu zotere. Ine akangoti ndikudziteteza."

"Tiyeni."

"Nyamulani dengulo. N'kutali, kuseri kwa mlatho."

Analinyamula. Msewu waukulu unali utatsekedwa ndi anthu onyamula chifanizo cha San Roque, ndiye anadzera njira ya m'minda ya mpunga. Mayiwo anali patsogolo, osatembenuka. Malaya oyera aja anadetsedwa ndi mwaye wa pansi pa dengu.

Atayandikira mlatho, Aling Choleng anafunsa osacheuka. "Kuchipatala munapitako?"

"Ayi."

"Mupiteko Lolemba."

Pakhomo anapeza Remedios akutsuka mphika uja ndi mchenga, njinga yamoto ya mwamuna wake ikudikira pageti. Anadzuka, kudabwa kuona aphunzitsi ake akale atasenza dengu la amayi ake. A Doroteo analitsitsa pansi, n'kupempha mpando ndi madzi akumwa, kenaka anayamba kufotokoza kuyambira pa chimfine chija.