Tsamba Limene Achemwali Anasintha

Pa sitolo ya zipangizo zomangira nyumba pomwe ankagwira ntchito, aliyense ankamutcha Mafilimu. Sikuti anali atapangapo filimu, ayi ndithu. Kungoti ukamufunsa misomali ya mainchesi atatu, ankakuyezera uku akukufotokozera za mbuzi yomwe inakhala loya, kapena za mzukwa wa mu saluni womwe unkasosola tsitsi la makasitomala amwano. Pansi pa kauntala, pakati pa zitini za penti, panali makope asanu ndi awiri, lililonse ndi filimu yake.

Koma panali kope limodzi lomwe sankalitchula pa kauntala. Linali la kalipentala ndi mwana wake wamwamuna, ndipo aliyense wowadziwa akanaona kuti ndi nkhani ya kwawo. Mafilimu anakhala zaka zisanu mu shedi ya bambo ake akuphunzira sowo ndi puleni, kenako tsiku lina anavula ovolosi n'kunena kuti iye ndi wolemba. Bambo anangoti, "Pita, uzikadya mapepalawo." Anapitadi, ndipo kwa zaka zinayi sanapondeko. Atamva kuti akudwala anati apita sabata yamawa. Sabata yamawayo inabereka inzake, mpaka foni yomwe inabwera inali ya maliro.

Kuyambira pamenepo funso limodzi linkamudya ngati chiswe: kodi bambo anapita akadamukwiyira? Amene akanayankha anali achemwali ake, omwe anadwazika matendawo mpaka pamapeto, koma Mafilimu ankaopa kufunsa. Choncho anachita zomwe ankazitha, anawalembera yekha bambowo mawu. Kumapeto kwa kopelo mwana amalowa n'kugwada pambali pa bedi, ndipo kalipentala amalankhula masamba awiri athunthu, kumukhululukira ndi kumudalitsa. Munthu wodwala chotero mpweya wolankhulira zonsezo akanautenga kuti, Mafilimu sanadzifunse.

Ndiye kunamveka za msonkhano wa masiku atatu wa olemba mafilimu. Okonza ankafuna zolemba zotayipa, pomwe iye kompyuta analibe, ndipo zilembo zake zinali ngati papalasa nkhuku. Ananyamula kopelo ulendo kwa achemwali, omwe anali mlembi pa ofesi ya maloya.

"Achemwali, munditayipireko pa nthawi yopuma. Koma musasinthe kanthu, chonde."

Iwo anatsegula kumapeto n'kuwerenga ali chiimire. Nkhope yawo sinasinthe.

"Awawa ndiye bambo?"

"Ndi filimu chabe, achemwali."

"Ehe. Filimu."

Analiponya m'chikwama. Tsiku lomaliza kulandira zolemba litakwana, anatumiza okha kwa okonza msonkhanowo, ndipo kwa iye kunangobwera uthenga wa mawu awiri: "Zapita. Usandivutenso."

Msonkhanowo unachitikira mu holo ya mipando yapulasitiki, ya fani imodzi yomwe inkangotembenuza kutentha komweko. Ankautsogolera ndi mayi wina wamfupi yemwe anali atapanga mafilimu kwa zaka makumi awiri. Anthu ankawatcha Mayi Dula, chifukwa tsamba lililonse lomwe agwira, mawu awo oyamba ankakhala omwewo.

"Kamera siona mumtima," anatero tsiku loyamba. "Munthu wanu akanena kuti ndakwiya, ine sindikhulupirira. Akatsuka mbale imodzimodzi katatu, pamenepo ndiye ndimakhulupirira."

Mafilimu analemba mpaka chala chinachita dzanzi. Pa tiyi wa tsiku lachiwiri, mkulu wina wojambula mafilimu, wa kapu yothimbirira, anamvetsera modekha nkhani ya mbuzi ija kuyambira poyamba mpaka pothera, kenako anafunsa ngati Mafilimu anayamba wayesapo kuuza mbuzi kuti ibwereze zomwe yachita. Onse anafa nacho chikhakhali, mwini wakenso anaseka. Aka kanali koyamba kuti anthu aseke nkhani yake kenako n'kumuuza poikonza, ndipo zinamukoma mtima kwambiri.

Tsiku lachitatu linali lowerenga. Lamulo linali lakuti wolemba akhale pampando kutsogolo, ochita zisudzo awerenge masamba ake omaliza, iye pakamwa atseke.

"Filimu ikamaonetsedwa simudzakhalapo kuti muzifotokozera anthu zomwe mumatanthauza," anatero Mayi Dula. "Yambani kuzolowera lero."

Itafika nthawi yake, Mafilimu anakhala pampandopo. Bambo wina wadazi anatenga mbali ya kalipentala. Mayi Dula anasuzumira papepala n'kukodola mtsikana wamagalasi kuti adzawerenge mbali ya mwana wamkazi. Mafilimu anadzidzimuka. Mwana wamkazi uti? M'kope lake lonse munalibe mwana wamkazi. Anatsegula pakamwa, koma Mayi Dula anangotukula chala, iye n'kumeza mawu ake.

Wowerenga malangizo a zochitika anayamba: "M'chipinda cha kalipentala, masana. Mwana wamkazi akusesa kunsi kwa bedi. Tsache litulutsa kope lakale lomwe mlongo wake anasiya."

"N'chiyani chimenecho?" anatero wadazi uja, ndi mawu otopa.

"Nthano za mwana wanu uja," anayankha mtsikanayo.

"Tawerenga."

"Si munkati ndi zopusa?"

"Ndati tawerenga."

Mtsikanayo anawerenga za mmisiri wina yemwe ankapanga tebulo la mfumukazi, akupala thabwa ndi dzanja limodzi, linalo akuloza kumwamba. Mafilimu anaizindikira nthawi yomweyo. Imeneyo inali nkhani yake yoyambirira, yomwe analemba akadali mu shedi, akubisa kope kuseri kwa mulu wa matabwa. Anali ataiiwala kalekale.

"Ima kaye," anatero wadazi. "Dzanja limodzi? Zaka zisanu mu shedi mwanga, mwana ameneyu maso ankayang'ana kuti?"

"Kalipentala aseka mpaka chifuwa chimugwira," anatero wa malangizo, ndipo wadaziyo anasekadi, n'kutsokomola.

"Mwatopa, bambo. Gonani."

"Pitiriza. Ndikufuna ndimve ngati tebulolo lituluke."

"Mwana wamkazi awerenga mpaka kumapeto," anapitiriza wa malangizo. "Kalipentala ayang'ana kudenga."

"Bodza ndiye amalitha mwana wangayu," anatero wadazi pang'onopang'ono. "Koma limakoma. Mawa uyambirenso poyamba."

Zinathera pomwepo. Masamba awiri a madalitso aja kunalibe. Anthu mu holo anaomba m'manja. Mayi Dula anatembenuza pepalalo uku ndi uku ngati akufunafuna polikola.

"Apa palibe chodula," anatero. "Wolemba, tsopano mutha kulankhula."

Mafilimu akanatha kungogwedeza mutu n'kulandira ulemuwo, ndipo kunena zoona, mtima unamunyengerera kutero. Koma misozi inali itamuulula kale.

"Tsamba limenelo sindinalembe ine," anatero. "Ndi achemwali anga. Ndinangowapatsa kuti atayipe."

"Analipo pomwe zinkachitika?"

"Analipo. Ine kunalibe."

"Ndiye mukawathokoze," anatero mayiwo, mawu atafewa. "Komanso muwalowetse mu filimuyi kuyambira poyamba. Munthu sangangotulukira pa tsamba lomaliza atanyamula tsache. Wakhala akusesa m'nyumbamo nthawi yonseyi, inu simunkamuona."

Mawu amenewo anamulasa kuposa maphunziro onse a masiku atatuwo, chifukwa anali oona. Anatuluka osadikira wowerengedwa wotsatira. M'khonde, pafupi ndi tebulo la makapu akuda, anaimba foni. Inaitana kanayi.

"Ndili pantchito, iwe," anatero achemwali. Kumbuyo kwawo kunkamveka makina osindikizira.

"Awerenga, achemwali. Pamaso pa anthu."

"Ehe. Ndiye wandiimbira kuti undikalipire?"

"Ayi. Ndingofunsa. Zinachitikadi choncho?"

Makina aja anasiya kulira.

"Ukuganiza kuti ine ndili ndi mutu wopeka? Wabodza pabanja pathu ndiwe. Ndinawawerengera kope limenelo masiku asanu ndi limodzi, mpaka ndinaliloweza. Pa dzanja limodzi paja ankaseka tsiku lililonse ngati akumva koyamba."

"Sanali okwiya?"

"Anakwiya chaka choyamba. Zinazo ankangokusowa. Wokwiya ndinali ine."

Mafilimu anatsamira khoma. Katundu yemwe anamusenza nthawi yonseyi anamva akutsika, ndipo m'malo mwake munalowa manyazi ndi kuthokoza, zonse pamodzi.

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa? Pamaliro unangondipatsa moni ngati mlendo. Kenako wabwera ndi kope, utalemba kale zomwe ananena, ine osaonekamo ngakhale mthunzi. Ndinati ndikatayipa bodza limeneli zala zindithothoka."

"Pepani, achemwali. Zikomo. Sindikudziwa kuti ndinene chiyani."

"Wolemba wathunthu kusowa mawu? Zachilendo." Anaseka pang'ono, kenako anafwenthera. "Zilipo zambiri zomwe ananena za iwe, zina sizokoma. Ubwere Lamulungu kunyumba, ndidzakuuza zonse."

"Ndibwera."

"Koma cholembera usiye. Udzangokhala pansi n'kumvetsera, ngati mlongo wanga."