Misozi ya Mang Teroy

Uthenga utafika woti a pulogalamu ya mapemphero ya pa TV abwera Lachisanu kwa mayi oyandikana nafe, Aling Medyong, kanjira kathu konse ka m'dera la osauka la Tondo kanatekeseka. Ndi pulogalamu ija ya Abusa Dimaculangan, yomwe timaonera Lamlungu kukamwa kuli yasa, osauka akulandira mpunga ndi mankhwala. Tonse tinkadziwa chimene Aling Medyong ankafuna: njinga ya olumala. Amuna awo, Mang Teroy, omwe kale ankayendetsa jipini, minibasi ya kwathu kuno, anafa ziwalo mbali imodzi ndipo kulankhula kunatha. Mayiwo ankawabereka popita kuchimbudzi, kudutsa pa matabwa a pamwamba pa ngalande, ndipo msana wawo unali utayamba kukana.

Kwathu kuno mlendo wamba sitimulandira m'nyumba yosakonza, nanga abusa a pa TV? Ine ndinapereka makatani anga a pa Khirisimasi. Mnzanga Puring anatulutsa sofa yake. Pansi tinakwecha ndi chigoba cha kokonati mpaka mbee. Mang Teroy tinawameta ndevu n'kuwaveka malaya oyera a paukwati.

"Koma ndiye mwatchenatu, Mang Teroy!" anatero Puring. "Mukufuna kukwatiranso kapena?"

Galimoto zitafika, tonse tinathamangira kukaona. Magetsi owala ngati dzuwa, zingwe mbwee, abusa eniakewo atavala suti yoyera, ana akulimbirana dzanja lawo kuti aliike pachipumi monga mwa ulemu wa kwathu. Koma mtsikana woyang'anira zojambula, Charmaine, atangosuzumira m'nyumbamo nkhope inagwa.

"Mayi, pano si posauka ayi. Oonera akaona sofa iyi satumiza kanthu. Anyamata, tiyeni tikayese kanjira kena."

Aling Medyong anakwera pampando n'kuyamba kutsitsa makatani anga. Ife tinamvetsa.

"Puring, chisofa chakochi chatiphetsa, chitulutse!" ndinakuwa.

Posakhalitsa nyumba inabwerera mwakale. Mayiwo anawavula okha amuna awo malaya aja, n'kuwaveka sanza, n'kuwagoneka pansi pa katoni. Zinandiwawa, sindibisa.

"Eya, apa ndiye bwino," anatero Charmaine. "Tsopano mayi, abusa akakugwirani pamutu, mulire. Popanda misozi sitingaulutse."

Aling Medyong si munthu wolira. Abusa anapemphera mpaka thukuta kamukamu, koma maso a mayiwo anali gwa, ouma. Anabwereza, osatheka. Charmaine anayang'ana wotchi, n'kukodola anyamata ake kuti abweze m'galimoto njinga imene anabwera nayo.

Pamenepo m'pamene tinamva mawu ochokera pansi. Anali Mang Teroy, munthu amene ankakalipira apolisi pamsewu, amene sanagwetse msozi ngakhale pamaliro a mayi awo. Anayang'ana akazi awo, kenako anayang'ana kamera, n'kutsegula pakamwa pawo popotokapo. Kulira kwake kunadzaza kanjira konse. Kamera inatembenukira kwa iwo. Pemphero la abusa linathera panjira. Chibadwire sindinamvepo chinthu choopsa komanso chopatulika ngati chimenecho, moti ndinangozindikira ndagwada m'matope.

"Zatheka! Zimitsani," anatero Charmaine.

Njinga analowetsa, anajambula abusa akuipereka, anapinda zingwe zawo, ulendo.

Koma Mang Teroy sanasiye. Aling Medyong anawakhazika panjingapo n'kumawapukuta kumaso ndi m'mphepete mwa diresi lawo.

"Basi, bambo, apita. Azimitsa kale."

Iwo ankangolirabe. Ife tinali chilili panja ndi sofa yathu, ndipo panalibe amene analimba mtima kulowa.