A Kaputeni ndi Simbi

Bambo wa m'nyumbamo atapuma pa ntchito yoyendetsa basi, mwana wawo wamkazi anawatumizira bokosi lalitali ngati la maliro. Mkati munali ndege, koma ndege yake yosabadwa: timatabwa topepuka ngati mapesi, kainjini, timawaya, guluu, limoti, ndi mipukutu iwiri ya pulasitiki yofiira yokutira mapiko.

Alamu awo, achimwene a mayi a m'nyumba, anasuzumira m'bokosimo n'kuseka mpaka kugwira nthiti.

"Basi munkaiyendetsa pansi, pano mwakwezedwa? Moni a Kaputeni. Chikadzauluka chimenechi, ndidzakumenyerani sawatcha pagulu."

Dzinalo linamata kuposa guluu wa m'bokosi.

Ndege inalanda tebulo lodyera, anthu n'kumadyera pamiyendo. A Kaputeni ankamata nthiti za phiko imodziimodzi, lilime lili panja ngati mwana wophunzira kulemba. Tsiku lina anamata chala chawo ku mchira, n'kumayenda nawo m'nyumba kufunafuna madzi otentha. Koma chigoba chinatha, chokongola, mapiko ake otalika kuposa mwini wake.

Kunatsala kukuta. Pulasitiki ija imafuna simbi yofunda kuti imate pa timatabwa, kenako ikungike ngati chikopa cha ng'oma. Tsono apa ndi pamene panagona nkhani: a Kaputeni, chikwatirire, anali asanagwirepo simbi. Malaya ankangowapeza pa hang'ala ngati amamera pomwepo.

Anapotokola kabatani mpaka kumapeto, ati moto wambiri ntchito ifulumira. Pulasitiki inachita tswii, n'kufota, n'kusiya chibowo choti mphaka n'kudutsa. Anayesanso pena, chimodzimodzi. Mpukutu umodzi unathera pomwepo. Wotsala unali umodzi, m'masitolo a m'tauni munalibe, ndipo alamu anali atalengeza kale kwa aliyense kuti Loweruka la kumapeto kwa mwezi kuli chionetsero pa bwalo la mpira.

A Kaputeni anapita kukhitchini akukanda m'mutu.

"Mayi, inu dzanja lanu ndi lozolowera. Mungandisitireko kaphiko kokha?"

"Kaputeni ndinu, bambo. Ine ndine pasinjala, sindigwira chiwongolero," anatero mayi aja, akupukuta kapu. "Koma sukulu ndili nayo. Malo alipo."

Sukulu inayamba ndi mipango ya m'thumba. Kenako malaya. Kolala, anatero aphunzitsi, ndiye nsonga ya phiko. Siketi ya mapindo ndiye nthiti. Diresi loterera la ku ukwati ndiye pulasitiki yeniyeni, ukangolakwitsa moto, ukwati watha. Mayi ankakhala pa sofa, miyendo pa kampando, tiyi m'manja.

"Simbi isaime malo amodzi, si basi ya pa siteji. Yendani."

Dengu la zovala likatha, lina linkatulukira. Tsiku lina a Kaputeni anaona makatani a pabalaza ali pa thabwa lositira.

"Nanga makatani akugwirizana bwanji ndi ndege?"

"Phiko si lalitali?"

"Ndi lalitali."

"Ndiye sitani."

Anasita. Anasitanso nsalu za pabedi, ndi yunifolomu ya mdzukulu, ndi malaya a anthu ena amene sanawaonepo m'nyumbamo. Atafunsa, anauzidwa kuti mayeso amachokera kunja.

Loweruka litayandikira, mayi anati ophunzira akhoza. A Kaputeni anatambasula mpukutu wotsiriza uja. Anaika moto wa diresi la ku ukwati, n'kuyamba ndi m'mbali, pang'onopang'ono. Pulasitiki inagona, makwinya n'kumathawa patsogolo pa simbi. Atamaliza anagogoda phiko ndi chala, linalira ngati ng'oma.

Pa bwalo panadzaza anthu, ena obwera kudzaona ndege, ambiri obwera kudzaona ngozi. Kainjini kanalira. Ndege inathamanga pa udzu ikudzandira ngati yochokera ku mowa, kenako inadzutsa mphuno n'kukwera. Inazungulira pamwamba pa magolo, yofiira psuu, dzuwa likuterereka pa mapiko. Potera inadumphadumpha ngati chule, koma inaima yonse yathunthu.

Alamu anaguba mpaka patsogolo, n'kumenya sawatcha ya chisilikali, anthu akuwomba m'manja.

A Kaputeni sawatchayo sanaione n'komwe. Maso anali pa kolala ya alamu.

"Alamu, malaya amenewa mwagona nawo?"

"Bwanji?"

"Makwinya onsewa? Mukundichititsa manyazi pa ndege yanga. Madzulo mubwere nawo kunyumba."

Mayi a m'nyumba anabisa nkhope mu mpango, mapewa akugwedezeka.

"Mubwere ndi mathalauza omwe, achimwene," anatero. "Dengu lili kuseri kwa chitseko."